Insulini, Nsima ndi Sabata

Kwathu kuno munthu akamva kuti mnzake wayamba kudzibaya jakisoni wa shuga, amapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti matenda afika pothera. Ambiri timakhulupirira kuti mapiritsi ndi a odwala pang'ono, pamene jakisoni ndi wa amene atsala madzi amodzi. Mawu amenewa amamveka kumaliro, kuchigayo, ngakhale pansi pa mtengo tikaweruka kutchalitchi. N'chifukwa chake ena akapatsidwa insulini kuchipatala amakaibisa pansi pa sutikesi, ndipo ena amabaya mozemba ngati akuchita chinthu chochititsa manyazi. Ine ndakhala ndikudzibaya kawiri pa tsiku kwa miyezi 11 tsopano. Ndikufuna kufotokoza mmene ndaphunzirira ntchito imeneyi, podziwa kuti m'mabanja ena amene amawerenga magazini ino muli wina amene wangolandira kumene kabotolo kake koyamba.

Ndili ndi zaka 44, ndine mayi wa ana anayi, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala wodzipereka mu dipatimenti ya zaumoyo pampingo pathu. Ndimayeza anthu BP, ndimaphunzitsa amayi a Dorika kaphikidwe ka soya ndi masamba, komanso ndimabwereza mfundo zisanu ndi zitatu zimene tonse timazidziwa: chakudya choyenera, kulimbitsa thupi, madzi, dzuwa, kudziletsa, mpweya wabwino, kupuma ndi kudalira Mulungu. Chaka chatha ndinayamba kumva ludzu losatha. Usiku ndinkadzuka kanayi kukataya madzi, masiketi anayamba kundikulira, ndipo zilembo za m'buku la phunziro la Sukulu ya Sabata zinkaoneka ngati zili m'chifunga. Kuchipatala cha m'boma lathu anandiyeza n'kupeza shuga ali pa 487 mg/dL. Munthu amene alibe matendawa, m'mawa asanadye amakhala pansi pa 100. Akafika 126 asanadye, kapena 200 nthawi ina iliyonse pamodzi ndi zizindikiro ngati zanga zija, madokotala amati ndi matenda a shuga. Anandigoneka masiku asanu ndipo anandiyambitsa insulini tsiku lomwelo.

Alongo ena atabwera kudzandizonda, mmodzi anafunsa mosabisa: "Koma inu amene mumatiphunzitsa zakudya, zakupezani bwanji?" Funso lake linali loona mtima. Moyo wosamala umachepetsa chiopsezo cha mtundu wachiwiri wa shuga, umene ndili nawo ine, koma sufafaniza zakumtundu. Mayi anga aang'ono ndi malume anga onse anadwalapo nthendayi. Palinso mtundu woyamba, umene kawirikawiri umagwira ana ndi achinyamata, ndipo umenewo subwera chifukwa cha zomwe munthu wadya ayi.

Adokotala anandilongosolera kuti insulini ndi chinthu chimene thupi la munthu aliyense limapanga m'kapamba. Tikadya nsima, mpunga, mbatata kapena buledi, zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi, ndipo insulini ndi imene imachititsa kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu kuti tipeze mphamvu. Ikachepa kapena ikasiya kugwira bwino ntchito, shuga amadzadza m'magazi minofu ikugona ndi njala, monga banja limene matumba a ufa aunjikana pakhonde koma khomo la kukhitchini latsekeka. Ndiye chifukwa chake ndinkadya koma n'kumaonda. Insulini siingamwedwe ngati piritsi popeza m'mimba imagayidwa ngati chakudya, choncho imayenera kubayidwa pansi pa khungu. Anaitulukira mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, pa kafukufuku wa Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kuthandizidwa nayo. Isanapezeke, ana odwala mtundu woyamba sankakhala nthawi yaitali. Tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse, 14 Novembala, ndi tsiku limene Banting anabadwa.

Sukulu yanga yeniyeni inayamba ndi anamwino a m'wodi, sirinji ili m'manja. Insulini imayezedwa ndi mayunitsi. Imene ndinapatsidwa ili ndi chizindikiro cha U-100, kutanthauza kuti mu 1 ml muli mayunitsi 100, ndipo kabotolo ka 10 ml kamakhala ndi mayunitsi 1,000. Sirinji nayo iyenera kukhala ya insulini, ya U-100. Anandionetsa chinthu chimene ambiri sachidziwa: pa sirinji yanga ya mayunitsi 100, kamzere kalikonse kakuimira mayunitsi awiri, pamene pa masirinji ang'onoang'ono a mayunitsi 50 kamzere kamodzi nthawi zambiri ndi yuniti imodzi. Munthu akasintha sirinji osayang'ana, akhoza kubaya theka la mlingo wake kapena kuwirikiza kawiri. Anandiuza kuti ndikoke madzi mpaka pa 16 kakhumi konse iwo akuyang'ana. Kenako anati, "Mayi, inu mumasoka zovala za ana anu. Singano iyi ndi yaifupi komanso yopyapyala kuposa imene mumagwira kunyumba. Tsinani khungu pamimba apo, lowetsani."

Ndondomeko yake tsopano ili m'zala zanga. Ndimasamba m'manja. Insulini yanga ndi yooneka ngati mkaka wosungunula, motero ndimaigubuduza pakati pa zikhato pang'onopang'ono mpaka isakanikirane bwino, osaikhutchumula. Ndimakoka mpweya wofanana ndi mlingo wanga n'kuulowetsa m'botolo, ndimazondotsa botolo, ndimakoka mankhwala, ndipo ndimagogoda sirinji ndi chala kuti tithovu ta mpweya tikwere n'kutuluka, popeza kathovu kamadya malo a mankhwala. Ndikabaya ndimawerenga mpaka khumi ndisanazule singano. Malo ndimasinthasintha, pamimba ndi pantchafu, kutalikira mchombo ndi zala ziwiri kapena zitatu. Kubaya pamalo amodzi masiku onse kumayambitsa chotupa cholimba pansi pa khungu, ndipo mankhwala obayidwa pachotupapo salowa m'magazi mofanana tsiku ndi tsiku. Masingano otha ntchito ndimaponya m'chigubu chokhala ndi chotsekera n'kukapereka kuchipatala.

Anandiyambitsa pa mayunitsi 16 m'mawa ndi 8 madzulo. Manambala amenewa ndi anga ndekha, wina asatengere. Mlingo umasiyana malinga ndi thupi, msinkhu, kadyedwe, ntchito ndi mmene impso zilili. Insulini yanga ndi yosakaniza kale, ya 30/70. Gawo laling'ono ndi lofulumira: limayamba kugwira ntchito pakatha pafupifupi mphindi 30 ndipo limathandiza pa chakudya chimene ukudya nthawi yomweyo. Gawo lalikulu ndi lochedwa: limafika pachimake patapita maola angapo n'kupitirira mpaka madzulo. Choncho ndimabaya mphindi 30 ndisanadye, ndipo ndikabaya ndiye kuti ndapangana ndi mbale yanga, chifukwa mankhwala akalowa satulukanso. Zimenezi zinasintha nyumba yonse. Sindibaya madzulo ngati mbaula sinayake ndipo madzi a nsima sanatereke. Nkhomaliro nayo siingadumphidwe ngakhale kuti masana sindibaya, popeza gawo lochedwa la jakisoni wa m'mawa limakhala lili pa ntchito. Mwana wanga wamkazi wa fomu 2 ndi amene amafunsa akalowa m'nyumba, "Amayi, mwadya?"

Chinthu chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi kope la masamba 40 logula pagolosale. Timapepala toyezera shuga n'todula, ndipo sindingakwanitse kuyeza kanayi pa tsiku monga ena amachitira. Adokotala anandikonzera njira yoyeza kamodzi kapena kawiri pa tsiku koma mosinthasintha nthawi: lero m'mawa ndisanadye, mawa ndisanadye nkhomaliro, mkucha ndisanadye mgonero, tsiku lina pogona. Pambali pa nambala iliyonse ndimalemba mlingo umene ndinabaya, chimene ndinadya ndi ntchito imene ndinagwira. Anandipatsa malire oti ndiziyesetsa kukhalamo, 80 mpaka 130 ndisanadye, ndi pansi pa 180 patatha maola awiri nditadya. Abale a ku Zambia, South Africa ndi Britain, kumene makina ambiri amaonetsa mmol/L, agawe manambalawa ndi 18, kotero kuti 126 ndi 7 ndipo 180 ndi 10.

M'kope muja ndinaphunzira kuti nambala iliyonse imanena za jakisoni amene wapita kale. Nambala ya m'mawa kutacha imanena za jakisoni wa dzulo madzulo. Nambala ya madzulo ndisanadye mgonero imanena za jakisoni wa m'mawa. Ndiye shuga akamakwera m'mawa uliwonse, woyenera kuunikidwa ndi mlingo wamadzulo. Anandichenjezanso kuti ndisamathamangitse nambala imodzi. Tsiku limodzi likhoza kukwera chifukwa cha nkhawa, kusagona kapena phwando. Koma zikabwerezeka masiku atatu nthawi yofanana, pamenepo ndiye pali nkhani, ndipo amasintha pang'ono, kawirikawiri mayunitsi awiri, n'kudikiranso masiku angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusintha kulikonse kwa mlingo wanga kumalembedwa ndi adokotala m'buku langa la kuchipatala.

M'mwezi wachiwiri ndinakumana ndi mbali ina ya insulini. Shuga akatsika kuchoka pamwamba kwambiri, thupi limayamba kumvera bwino mankhwala, ndipo mlingo umene unali woyenera poyamba ukhoza kukhala wochuluka. Linali Sabata la alendo, kwaya zinali zambiri, ndipo ulaliki unayamba mochedwa. Nthawi itadutsa 12 koloko ndinayamba kutuluka thukuta lozizira, manja kunjenjemera, mtima kugunda, ndipo mawu a mlaliki ndinkawamva ngati akuchokera m'chitsime. Ndinatuluka, ndinayeza, ndinapeza 58. Pansi pa 70 aliyense wobaya insulini ayenera kuchitapo kanthu msanga. M'chikwama munali kabotolo ka shuga monga anamwino anandilangizira. Ndinasungunula masupuni ang'onoang'ono atatu m'madzi n'kumwa, ndinadikira mphindi 15, ndinayezanso n'kupeza 94, kenako ndinadya buledi wopaka chiponde kuti asatsikenso. Lolemba ndinapita ndi kope langa kuchipatala ndipo mlingo wa m'mawa anautsitsa kufika pa 14.

Kuyambira pamenepo, Sabata lililonse pakati pa Sukulu ya Sabata ndi ulaliki ndimatuluka kukadya nthochi imodzi yaing'ono kapena kachidutswa ka mbatata. Poyamba ena ankandiyang'ana modabwa. Ndinapempha mphindi zisanu pa nthawi ya zolengeza kuti ndifotokoze, ndipo titaweruka abambo ena achikulire anandikokera pambali. "Mlongo," anatero, "ine ndakhala ndikubaya zaka zitatu. Pa Sabata sindibaya m'mawa poopa kugwa m'tchalitchi." Munthuyo ankayamba sabata iliyonse shuga ali m'mwamba chifukwa choopa kuoneka akutafuna kanthu panja pa nyumba ya Mulungu. Pano timatulukira limodzi.

A m'banja ayenera kudziwa zizindikiro zimenezi kuposa wodwalayo, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu sazindikira kuti zavuta. Amatha kukwiya popanda chifukwa, kulankhula zosokonekera kapena kudzandira ngati woledzera. Ngati akutha kumeza, mupatseni shuga wosungunula kapena theka la kapu ya chakumwa chotsekemera, osati chija cholembedwa kuti mulibe shuga. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa chifukwa akhoza kutsamwa. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala, ndipo mukanene kuti amabaya insulini. Amuna anga anayeserera zimenezi pamodzi ndi ana, ndipo pamutu pa bedi pathu pamakhala shuga ndi kapu.

Pa nkhani ya chakudya, kope linandionetsa zinthu zimene sitizitchula kawirikawiri pa maphunziro athu. Chakudya chikhoza kukhala chachilengedwe, chopanda nyama, koma n'kukweza shuga kwambiri. Kapu ya thobwa inandifikitsa pa 263. Uchi umakweza shuga ngati shuga wa m'paketi. Madzi ofinya a zipatso amakweza msanga kuposa chipatso chodya chathunthu. Nyengo ya mango ndimadya limodzi laling'ono pamodzi ndi chakudya, osati beseni monga tinakulira. Nsima sindinasiye. Ndimadya ya mgaiwa, mtanda umodzi waukulu ngati chibakera changa, theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani kapena mpiru, ndi nyemba, nandolo kapena soya pambali. Kwa munthu wobaya mlingo wofanana tsiku lililonse, chofunika n'chakuti chakudya nachonso chikhale chofanana kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Pa chakudya chapamodzi cha Sabata, pamene pamakhala mpunga, nsima, mbatata ndi chinangwa patebulo limodzi, ndimasankhapo chimodzi. Ntchito yolemetsa nayo imatsitsa shuga, nthawi zina ngakhale usiku wake. Tsiku lopalira kumunda ndimanyamula kamba ndi shuga, ndimayeza pogona, ndipo ndimabaya pamimba osati pantchafu, popeza mwendo ukamagwira ntchito mankhwala amalowa mofulumira.

Kunyumba kwathu kulibe filiji. Botolo losatsegula liyenera kukhala pozizira, pakati pa 2 ndi 8 digiri, ndipo lisaume kukhala ayezi, chifukwa insulini youma yawonongeka. Langa lapadera limakhala m'filiji ya mlongo wina wa mumpingo, kutali ndi kumene kumaundana madzi. Limene ndikugwiritsa ntchito limatha kukhala kunja pafupifupi milungu inayi ngati silikutenthedwa, ndipo ndimalemba pabokosi tsiku limene ndalitsegula. Ndimaliika m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko m'kamphika kadothi, kamphikako mumtsuko wa mchenga wonyowa pakona yamthunzi. Madzi akamauma kudzera m'dothi, m'kati mumazizira. Mu Okutobala ndimathirira mchengawo kawiri pa tsiku. Ku msonkhano wa misasa ndinapita ndi kamphika kanga, ndipo m'minibasi botolo limakhala m'chikwama cha pamiyendo, kutali ndi windo ndi injini. Likaoneka ndi timibulu tosasungunuka, limatayidwa.

Mwezi wina kuchipatala kunalibe yosakaniza kale, ndipo anandipatsa mabotolo awiri, yoyera ngati madzi ndi yooneka ngati mkaka. Sindinachoke pawindo mpaka atandilembera mayunitsi a botolo lililonse ndi kundionetsa kakokedwe: yoyera imayamba kukokedwa, inayo pambuyo, kuti yochedwa isalowe m'botolo la yofulumira. Safunsa anadya phula. Aliyense amene wapatsidwa botolo looneka mosiyana ndi la masiku onse afunse asanabaye.

Mu Januwale, pa masiku khumi a mapemphero, nkhani ya kusala kudya inandivuta mumtima. Kubaya osadya n'koopsa, ndipo kusiya kubaya n'koopsanso. Ndinakambirana ndi adokotala komanso abusa, ndipo tinagwirizana kuti ndizidya pa nthawi yake chakudya chosavuta, n'kusala zina monga wailesi ndi foni kuti ndipeze nthawi ya pemphero. Panalinso mbale wina wachikondi amene anandibweretsera masamba owawa nati ndikamwa milungu iwiri ndi chikhulupiriro ndidzataya jakisoni. Ndinamuthokoza n'kumukumbutsa za mfumu Hezekiya, amene Mulungu anamva pemphero lake, komabe mneneri Yesaya analamula kuti pachotupa pake aikepo nkhuyu. Ndimapemphera ndisanabaye monga ndimapempherera ndisanadye. Kwa mwana wodwala mtundu woyamba, kusiya insulini kukhoza kumupha m'masiku ochepa, ndipo palibe tsamba limene lingalowe m'malo mwake.

Nditadwala malungo m'nyengo ya mvula, chakudya chinkandikanika koma shuga anakwera kupitirira 300. Matenda amakweza shuga ngakhale munthu asakudya. Lamulo limene anandipatsa ndi loti ndikadwala ndisasiye insulini, ndiziyeza pafupipafupi, ndizimwa madzi ambiri ndi phala lamadzimadzi pang'onopang'ono, ndipo ndikayamba kusanza kapena kupuma mwaphuma ndipite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mapazi nawo ndimawayang'ana madzulo alionse, chifukwa shuga amatha kupha mitsempha munthu n'kulephera kumva bala. Pa mwambo wosambitsana mapazi tisanadye Mgonero wa Ambuye, ndimapempha mlongo wondisambitsa kuti apukute bwino pakati pa zala ndi kundiuza ngati waona mng'alu.

Pali kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Poyamba ndinali pa 12.6 peresenti. Mwezi watha ndinali pa 7.3, ndipo akuluakulu ambiri amalimbikitsidwa kukhala pansi pa 7. Thupi labwerera, maso akuona, ndipo ndimagona mpaka m'bandakucha. Adokotala andiwonjezera mapiritsi a metformin ndipo akuti mwina mlingo wa insulini udzatsikanso. Ena a mtundu wachiwiri amafika posiya jakisoni, ena amabaya moyo wawo wonse, ndipo onsewo akhoza kukhala ndi moyo wamphamvu ngati shuga akusamalidwa.

Kwa atsogoleri a zaumoyo m'mipingo yathu ndili ndi pempho. Dziwani, mwachinsinsi ndi mwaulemu, amene amabaya insulini pakati panu. Madikoni aphunzire zizindikiro za kutsika kwa shuga. Pokonza msonkhano wa misasa kapena tsiku la kusala kudya, nenani poyera kuti odwala shuga adye pa nthawi yawo. Pampingo pathu, m'bokosi la chithandizo choyamba tawonjezeramo botolo la shuga, kapu ndi supuni, ndipo kiyi yake imakhala ndi dikoni wamkazi amene amakhala pafupi ndi khomo.

Inu amene mwangoyamba kumene, gulani kope lero. Pemphani anamwino akuonetseninso mizere ya pa sirinji mpaka mutakhutira, ndipo pitani ndi munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu kuti aphunzire nanu. Masabata oyamba manambala adzakwera ndi kutsika mosamveka, koma pofika tsamba lachitatu kapena lachinayi la kope lanu mudzayamba kuona chimene chikuchititsa.